Mayeso Amene Achimwene Analephera Dala

Nditabwerako ku Korea, kumene ndinakhala zaka zingapo ndikuphunzitsa ana Chingelezi, ndinapeza kwathu ku Mississippi kuli monga ndinakusiyira, kupatula chikwangwani chatsopano pamsewu wolowera m'tauni. Pachikwangwanipo panali nkhope ya achimwene anga, Dontrelle Mabry, atavala chisoti cha mpira wa ku America, uja wogundana. Ku tchalitchi palibe anandifunsa za Korea. Ankangoti, "Ndiwe Keturah, mlongo wake wa Dontrelle uja eti?" Sabata isanathe ndinali nditayamba kale kufunafuna ntchito ina ya kunja.

Dontrelle anayamba kugunda anthu ali wamng'ono. Ku sekondale, Kochi Ruffin anamupeza akukankhana ndi anzake pamzere wa chakudya, ndipo m'malo momulanga anamuveka chisoti n'kumuika ulayinibaka: kuima kumbuyo kwa otchinga, kuona kumene mpira ukulowera, n'kukagwetsa amene waunyamula. Sanali wamtali, liwiro lakenso linali lapakatikati, koma ankafika ndi thupi lonse, mutu patsogolo. Akagunda munthu, kulira kwa zisoti kunkamveka mpaka kwa amayi ogulitsa soseji kuseri kwa bwalo.

Mpira womwewo ndiwo unamupititsa ku koleji, woyamba m'banja mwathu. Atamaliza, tsiku limene matimu akuluakulu amasankha anyamata, amayi athu anaphikira msewu wonse. Dzina lake silinatchulidwe. Anthu anadya n'kutsanzika motsitsa mawu. Kenako timu ina inamuitana kuti akakhale wa m'kati mwa sabata, wogundidwa pokonzekera kuti eni malo akawale Lamlungu. Inamuchotsa. Ina inamutenga, nayonso inamuchotsa. Pakati pa maulendo amenewa ankanyamula mafiriji kusitolo ya a Gaines. Chaka chimene ine ndinabwera, layinibaka wa timu ina anathyoka bondo, timuyo n'kuitana Dontrelle, ndipo iye, zaka zikulowera ku makumi atatu, anayamba kulowa m'bwalo Lamlungu lililonse ngati mwini malo.

Lachiwiri osewera amapuma. Lachiwiri lina anabwera kunyumba, koma galimoto ankayendetsa mnzake. Lamlungu lapitalo anali atagundana ndi munthu mutu ndi mutu, madokotala n'kumutulutsa m'bwalo, ndipo anamuuza kuti saseweranso mpaka atakhoza mayeso a mutu.

Ndinamupeza kukhonde lakuseri akusenda milamba, atavala magalasi akuda pamene kunja kunali mitambo.

"Mkoreya!" anatero. "Wafika liti?"

"Achimwene, munakandichingamira nokha kubwalo la ndege mwezi watha."

"Ndikudziwa, ndimangokuyesa. Tenga mpeni uko. Kapena kwanuko nsomba mumadya ndi khungu lomwe?"

Tinayamba kusenda. Anandiseka kuti ndikamapereka moni ndimawerama ngati nkhuku yojompha chimanga. Patapita kanthawi anandifunsanso kuti ndafika liti. Ulendo uno sananene kuti akundiyesa. Anangoyang'ana mpeni uli m'manja mwake.

"Lamlungu simusewera," ndinatero.

"Ndisewera. Mayeso ndi Lachinayi, ndipo ndakhoza kale."

"Mwakhoza bwanji musanalembe?"

Anaseka, kenako anagwira pamphumi poti kusekako kunamupweteka. Ndiye anandifotokozera ngati mwana. Nyengo ya mpira isanayambe, wosewera aliyense amakhala pa kompyuta. Amamuonetsa mawu ndi tizithunzi, n'kuzibisa, n'kumufunsa zimene waona. Amayesanso changu cha chala chake. Zotsatirazo amasunga. Akadzavulala mutu amalembanso, madokotala n'kufanizira. Akafika pamene anali poyamba, ndiye kuti wachira.

"Ndiye wochenjera amatani?" anatero. "Oyambawo amalemba ngati chitsiru. Ine ndinkayamba ndapuma kaye ndisanadine batani. Mawu ndikuwakumbuka bwinobwino, koma n'kusankha olakwika. Osaonjeza ayi, angakutulukire. Pang'ono chabe. Anatiphunzitsa akuluakulu athu ku koleji, ifenso tinaphunzitsa obwera m'mbuyo mwathu."

"Ndiye kuti adokotala akuyezani ndi sikelo yabodza."

"Afanizira Dontrelle wodwala ndi Dontrelle wopusa. Wodwalayo apambana, usadandaule."

"Nanga akakugundaninso mutu usanapole?"

"Iwe Keturah, pabenchi kumbuyo kwanga pali mnyamata wa ku Utah wa mawondo atsopano. Ndikangojomba Lamlungu limodzi, alowa iyeyo, ndipo satulukanso. Ndiye ine ndibwerere kwa a Gaines? Ukanandiona ndikukwera masitepe ndi firiji kumsana, mwini firijiyo akundifunsa kuti timu yandichotsa chifukwa chiyani."

Ndinakauza amayi kukhitchini, akuviika nsomba mu ufa wa chimanga. Anamvetsera osatembenuka.

"Madokotala a kumeneko anaphunzira kuposa iwe ndi ine. Akanena kuti asewere, asewera."

"Amayi, madokotalawo wawanamiza."

"Mwana wanga sanama. Wangobwera dzulodzuloli, usayambe kutiphunzitsa. Ndipatse mchere uko."

Koma tsiku limenelo iwo sanadye, ndipo makatani onse a pabalaza anatseka okha, popanda wowauza kuti kuwala kukumupweteka Dontrelle.

M'mawa mwake ndinapita kwa Kochi Ruffin, amene anapuma ntchito kalekale. Ndinamufotokozera zonse, ndikuganiza kuti akwiya n'kumuimbira foni Dontrelle. Anamenya bondo ndi chikhatho, kuseka.

"Ha! Mnyamata wanga ameneyo! Mwanawe, masiku athu munthu akaona nyenyezi masana tinkangomuthira madzi kumaso n'kumubweza m'bwalo. Si ine ndilipo?"

Khofi anamugwira ndi manja awiri, komabe anatayikira pa thalauza.

Nditachoka kumeneko ndinaimba foni ku ofesi ya timu. Mayi wa mawu okoma anandiuza kuti za thanzi la wosewera sakambirana ndi munthu amene mwini wake sanamuloleze, koma ndikhoza kusiya dzina ndi uthenga. Ndinasiya zonse ziwiri. Ndinanena pang'onopang'ono kuti alembe bwino.

Lachisanu Dontrelle anandiimbira. Sananditchule Mkoreya.

"Ndakhoza. Adokotala andifunsa za uthenga wako, andiyang'ana m'maso ndi tochi, andiyendetsa pamzere. Ndawauza kuti mlongo wanga wakhalitsa kunja, mpira saudziwa, amangoopa chilichonse. Andifunsa ngati mutu ukuwawa, ndakana. Nanga iwo alowa m'mutu mwangamu? Usadzaimbenso, wamva? Ukadzaimbanso, ine ndilibe mlongo."

Lamlungu mapemphero atatha, anthu sanabalalike. Abusa anaika kanema wamkulu mu holo ya tchalitchi, amayi a bungwe anandandalika nkhuku yokazinga, masamba ndi tiyi wozizira. Ife anatikhazika kutsogolo. Dzina la Dontrelle litatchulidwa, holo yonse inaimirira.

Masewera asanapite patali, wonyamula mpira anatulukira pakati, ndipo Dontrelle anakumana naye monga amachitira kuyambira ku sekondale. Anthu anakuwa. Winayo anadzuka msanga. Dontrelle anadzuka pambuyo, n'kuyamba kuyenda kulowera kumene adani ake ankasonkhana, kwa a malaya oyera. Mnzake anamugwira lamba n'kumutembenuza, akumusisita chisoti ngati akumuyamikira. Kanema anali atayamba kale kubwereza kugundana kuja, pang'onopang'ono.

"Amafuna akamve zinsinsi zawo!" anakuwa a Gaines kumbuyo, holo n'kufa ndi phwete.

Amayi sanaseke. Anandigwira pamkono mpaka zikhadabo zawo zinandilowa, maso ali pa kanema. Dontrelle anali ataima kale pamalo pake, mawondo atapinda, akudikira wina.