Mipando Yobwereka

Ndikukumbukira fungo la dothi lonyowa limene amayi anazira nalo nyumba yathu ku Chinyunyu, chaka chotsatira nditamaliza Giredi 12. Kunali kotentha, nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuwawa, ndipo ine mutu wanga wonse unali pa chinthu chimodzi. Koleji ya uphunzitsi inali itanditenga, koma ndalama yolipira kunalibe. Bambo anamwalira ndili ku pulayimale, patangopita zaka zochepa chisamukireni kuchokera kwathu ku Katete. Amayi anandilera ndi tomato ndi nthochi zimene ankagulitsa m'mphepete mwa msewu waukulu, kuthamangira basi iliyonse yopita ku Chipata, beseni lili pamutu. Ndalama ya tomato inkakwana sopo ndi mchere, koma ya koleji ayi.

Mphunzitsi wanga wakale ndi amene anandiuza za basale, thandizo limene ankapereka kwa ana ochokera m'mabanja osowa kuti aphunzire. Ndinapita ku boma, ndinalemba mafomu, ndipo anandiuza kuti munthu wa ku ofesi adzabwera kwathu kudzaona ndi maso ake mmene tinkakhalira. Akakhutira kuti ndife osowadi, dzina langa lipita patsogolo. Akapanda kukhutira, basi, ndikalowe nawo mzere wa mabeseni pamsewu. Ine sindinade nkhawa ngakhale pang'ono. Pa mayeso a umphawi ndinkadziwa kuti tikhoza osawerenga. M'nyumba mwathu munali mphasa, mtondo, mapoto akuda ndi kampando kamodzi kamene kankagwetsa munthu akakhala mosasamala.

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi kuti kukubwera mlendo wa ku boma kudzaona mmene timakhalira. Ndinaganiza kuti ndafotokoza zonse. Koma amayi anga anakulira m'mudzi mmene anthu obwera kudzaona pakhomo amakhala achibale a mnyamata wofuna mbeta, ndipo anthu otere umawaonetsa kuti mwana wako akuchokera pa banja lodzisunga. Kwa iwo nkhani inali yomveka bwino: boma likufuna kutenga mwana wawo, ndiye latuma munthu kuti adzaone ngati mwanayo ndi woyenera kumutayira ndalama. Anangogwedeza mutu, namanga chitenje mwamphamvu. Kuyambira pamenepo anazira nyumba, anasesa bwalo mpaka kuseri kwa nkhokwe, anachapa chilichonse chochapika kumadzi otentha otuluka pansi, kumene azimayi a m'mudzi ankachapira. Ine ndinkathandiza mokondwa, poti ukhondo sulepheretsa munthu basale.

Tsiku litafika ndinalawira kupita kumsewu kukadikira mlendo. Ndinadikira nthawi yaitali ndithu, dzuwa mpaka kufika pamutu. Kenaka minibasi ina inaima, ndipo munatsika mayi wamfupi, wa magalasi, ambulera kudzanja lina, chikwama cha mapepala kudzanja linalo. Anati dzina lawo ndi Mayi Mwale. Sanali munthu wolankhula zambiri. M'njira anandifunsa za sukulu ndi za imfa ya bambo, ine ndikuyankha ndi mawu ofatsa a mwana wamasiye, chikwama chawo nditawanyamulira. Mumtima ndinkati akangoona kampando kathu kaja, nkhani yatha.

Titakhota pa mtengo wa mango n'kuona nyumba, ndinaima. Ndinaganiza kuti ndasochera pakhomo pa eni. Pakhoma panatsamira njinga yonyezimira. Pazenera, pamene tinkatseka ndi thumba la feteleza, pankauluka katani ya maluwa. M'nyumba munkamveka nyimbo za pa wailesi. Ndipo titalowa, mayo ine, munali mipando ya makushoni ofiira itazungulira tebulo lokhala ndi nsalu yoluka, pamwamba pake makapu agalasi atandandalika ngati m'sitolo.

Zonsezo ndinkazidziwa bwino. Mipando, njinga ndi wailesi zinali za ba Chipungu, bambo wachikulire wa khomo loyandikana nafe, amene anabwera nazo atapuma ntchito ku migodi. Katani, makapu ndi mbale zinali za Bamake Joyce, mnzawo wa amayi wa pamsewu. Kwathu kunali kotero. Pakhomo pakabwera mlendo wolemekezeka, mudzi wonse unkasonkha ulemu, uyu supuni, uyu beseni latsopano, ndipo mlendo akapita aliyense ankatenga zake. Mipando ya ba Chipungu inali itakhalapo pa maukwati ndi pa zinkhoswe zambiri. Ine ndekha ndi amene ndinaiwala kuti amayi sangalandire munthu wa boma popanda mipando imeneyo.

Amayi anatulukira atavala nsapato za Bamake Joyce, akuyenda mosamala ngati akuwoloka pa mtengo. Anagwada, napereka moni, nkhope ikuwala ndi chimwemwe. Mayi Mwale anakhala pa kushoni, nalowa pansi pang'ono chifukwa cha kufewa kwake. Anayang'ana wailesi, anayang'ana katani, kenaka anatsegula chikwama n'kuyamba kulemba. Cholembera chija chinkayenda papepala osaima.

“Manje amama, iyi wailesi ni yanu?” anafunsa Mayi Mwale.

Amayi sankanama, koma kunena pamaso pa mlendo kuti zinthu n'zobwereka kunali ngati kuvula pagulu. Anamwetulira n'kunena kuti, “Ili m'nyumba mwathu muno, mayi.”

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, ba Chipungu anafika atavala jekete ngakhale kunali kotentha chotero, kudzakhala mboni. Anakhala pa mpando wawo womwe ngati mlendo, nayamba kutiyamikira. “Ba madamu, iyi nyumba sivutika iyayi. Aba bamayi ni bolimba maningi. Njala pano sitiiziba. Mwana uyu mumutenge chabe, achokera pabwino.” Ankalankhula akundiyang'ana monyadira, ngati akuti waona mmene ndakukonzera. Ine ndinkangofuna kulowa pansi.

Kenaka kunabwera chakudya: mpunga, nkhuku yokazinga bwino ndi tomato wathu yemwe, ndi tiyi wamkaka. Mpunga kwathu tinkaudya pa Khirisimasi pokha. Fungo lake linadzaza nyumba. Mayi Mwale anadya mwaulemu, anathokoza, anafunsa mafunso ochepa, natseka chikwama. Ndinawaperekeza kumsewu. Njira yonse mawu anali pakamwa penipeni, koma ndikati ndinene kuti zonse zija n'za eni, ndinkaona nkhope ya amayi ikuwala, lilime n'kulemera. Titafika pamsewu anangoti, “Bwelela mwana wanga, nizakwela. Yankho izabwela.” Mawu awo anali ozizira, ndipo ndinadziwa yankho lake.

Ndinabwerera ndikulira njira yonse. Ndinawapeza amayi akutsuka makapu, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Atandiona anafunsa ngati mlendo wakondwa. Ine ndinaphulika. Ndinawauza kuti basale amapatsa osauka, kuti mayi uja anabwera kudzaona kusowa kwathu, ndipo ife tamuonetsa makushoni. Ndinati, “Amayi, mwandiphera sukulu.”

Amayi anaika kapu pansi pang'onopang'ono, navula nsapato zija, nakhala pa dothi limene anazira ndi manja awo. Patapita nthawi anati, “Iwe Enelesi, ndiye unkafuna mlendo wa boma akhale pa mtondo? Ine ndimati ndikukuthandiza, mwanawe.” Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinkadzimvera ndekha. Anapukuta m'maso ndi chitenje n'kunena kuti zinthu za eni zibwerere dzuwa lisanalowe, chifukwa chobwereka sichigona pakhomo popanda chifukwa.

Choncho tinayamba kusamutsa chuma chathu. Ba Chipungu, amene tsopano anali atamva kuti umboni wawo waononga zinthu, anatsogola akukankha njinga, wailesi itamangidwa pakaliyala, akung'ung'udza kuti boma la masiku ano silidziwa ulemu. Pambuyo pawo panali ine, tebulo lili pamutu, miyendo yake kumwamba. Bamake Joyce ankabwera ndi beseni la makapu, katani ili paphewa, nsapato zawo zili m'manja. Amayi anali kumapeto, opanda nsapato, atakumbatira makushoni ofiira.

Pa mtengo wa mango paja tinakumana maso ndi maso ndi Mayi Mwale. Minibasi zonse zinkadutsa zitadzaza, dzuwa linawaotcha, ndipo anaganiza zobwerera kuti adzapemphe madzi akumwa. Anaima, ambulera ili m'mwamba. Ifenso tinaima. Mayi Mwale anayang'ana njinga, anayang'ana tebulo limene linali pamutu panga, anayang'ana nsapato m'manja mwa Bamake Joyce, kenaka mapazi a amayi.

“Mukukuka?” anafunsa, ngati kuti tikusamuka pamudzi.

Ba Chipungu anakhosomola. “Iyayi ba madamu. Katundu ibwelela chabe ku nyumba kwake.”

Mayi Mwale anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka anavula magalasi, akupukuta misozi, atagwira mtengo wa mango. Bamake Joyce anayamba nawo, kenaka ba Chipungu, kenaka ine, tebulo likugwedera pamutu. Amayi okha ndi amene anabisa nkhope m'makushoni, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Tinabwerera nawo kunyumba. Tsopano inali nyumba yathu yeniyeni: thumba la feteleza pazenera, mphasa pansi, kampando kogwetsa anthu kaja pakona. Mayi Mwale anakhala pamphasa, natambasula miyendo ngati munthu wa kumudzi, namwa madzi m'chikho. Ankalozabe malo amene panali chinthu n'kufunsa mwini wake, ife tikuyankha, iwo akuseka. Pomaliza anafunsa, akusekabe, “Nanga nkhuku ija, amama, nayo munabweleka?”

“Iyayi mayi,” anayankha amayi. “Ija inali yathu. Inali imodzi yomweyo.”

Kuseka kunatha. Inali nkhuku yathu yoikira mazira, imene amayi ankati idzatiyambitsira khola. Ine sindinadziwe kuti ndi imene inali m'mbale. Mayi Mwale anawayang'ana amayi nthawi yaitali. Kenaka anatsegula chikwama, anatulutsa pepala latsopano, naliika pabondo, n'kuyamba kufunsa mafunso onse kuchokera pachiyambi. Ulendo uno amayi anayankha zonse mmene zinalili, mutu uli chowerama, koma osabisa kanthu. Ba Chipungu anapemphanso kukhala mboni, ndipo anafotokoza umphawi wathu ndi luso lomwe lija anafotokozera chuma chathu, mpaka amayi anawadzudzula kuti asapitirire muyeso. Dzuwa litapendeka ba Chipungu anawakweza Mayi Mwale pa njinga ija mpaka kumsewu, ndipo sanachoke mpaka atawapezera malo m'basi.

Yankho linabwera mvula itayamba. Basale ndinapatsidwa. Amayi anavina pabwalo, matope ali m'miyendo, ndipo ba Chipungu anauza mudzi wonse kuti ndi umboni wawo umene unagwira ntchito, osatchula kuti umboni uti. Ndinapita ku koleji ndi sutikesi ya Bamake Joyce, imene ndinabweza nditamaliza maphunziro.

Masiku ano ana amene ndimaphunzitsa amapempha thandizo lotere pa foni. Amajambula mapepala, amatumiza, n'kudikira uthenga. N'zachangu, ndipo palibe nkhuku imene imafa. Koma nthawi zina ndimadzifunsa kuti foniyo ingadziwe bwanji kusiyana kwa mpando wako ndi mpando wobwereka, kapena kuti mbale ya ndiwo imene yaikidwa patsogolo pa mlendo ndi chuma chonse cha pakhomopo. Kubwerekana mipando nakonso kukutha, poti pafupifupi khomo lililonse lili ndi yake yapulasitiki.

Nditayamba ntchito, chinthu choyamba chimene ndinawagulira amayi chinali mipando ya makushoni, ofiira ndithu. Sanaikhalire kwenikweni. Iwo ankakonda mphasa yawo, ndipo mipandoyo inkangoyenda m'mudzi, lero ku chinkhoswe, mawa ku ubatizo. Sanakanizepo munthu, kupatula kamodzi. Ndinali kunyumba pa holide pamene Bamake Joyce, atakalamba tsopano, anabwera kudzabwereka mipando. Anati kukubwera anthu a ku ofesi kudzaona pakhomo, chifukwa mdzukulu wawo wapempha thandizo la sukulu. Amayi anaimirira pakhomo, manja m'chiuno.

“Bamake Joyce, mwaiwala kale? Mipando iyi lero siyenda. Tengani mphasa iyo, mukayale.” Kenaka analoza kukhola, kumene nkhuku zinali zitachuluka. “Koma nkhuku gwirani imodzi pamenepo, mukaphe. Mlendo asabwerere ndi njala.”