Chingwe Chotchipa cha a Mawaya

A Mawaya akhala zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzimodzi, ka zenera limodzi loyang'ana khoma la golosale. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, poti m'thumba la malaya awo simusowa tizidutswa ta waya. Anayamba ndi kukonza mawailesi. Mawailesi atatha fasho, anzawo ambiri anakalowa ulonda, koma iwo anakakamira. Ali ndi imvi kale, anaphunzira kupanga timabolodi toyendetsa makina oswetsa mazira. Pa kabolodi kalikonse pamakhala kachipangizo kakuda, kakang'ono ngati chikhadabo, kamene iwo amakatcha kaubongo. Kameneka ndiye kamauza makina nthawi yotenthetsa ndi yotembenuza mazira, koma kamabwera kopanda nzeru. Pulogalamu imachoka pa laputopu, n'kudutsa m'chingwe chapadera, n'kulowa m'kaubongomo.

Chingwe chawo chakale anadya ndi makoswe. Ndiye Lolemba lina anagula china pa tebulo la mumsewu, pakati pa matchaja ndi maloko, chonyezimira bwino m'kapepala kake. Atafika analumikiza, n'kudina batani. Kamzere ka pa laputopu kanayenda mpaka pakati, kanaima, kenako malemba ofiira: kaubongo sikakuyankha. Anayesanso, chimodzimodzi. Kabolodi kachiwiri, kachitatu, mpaka mabolodi onse asanu ndi atatu, zii.

Tsono apa m'pamene panali tsoka. Bwana amene anawaphunzitsa ntchito anali ndi lamulo limodzi, loti chinthu chikakana, uyambe wakayikira pamene wawotcherera iweyo, chifukwa chinthu cha kufakitale sichinama. Lamuloli linawadyetsa moyo wonse. Komanso chaka chino dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera, moti supuni inkalira m'kapu. Ndiye atawona zofiirazo sanayang'ane n'komwe chingwe. Anayang'ana dzanja.

Masiku anayi athunthu, abale inu, munthu wamkulu ali chiweramire. Ankasungunula mtovu pa timiyendo ta kaubongo n'kuwotchereranso, magalasi awiri ali pamphuno, utsi ukulowa m'maso. Anachotsa pulogalamu ya pa laputopu n'kuikanso. Anasintha pobayira chingwe pa laputopu, anachepetsa liwiro lotumizira, anapukuta fumbi ndi mswachi wakale. Nthawi zina kamzere kankapitirira pang'ono, mtima n'kukhala m'malo, kenako zofiira zomwe zija. Msana unkawawa, khosi linauma gwa. Anatopa kutopa koipa, kuja munthu umasowa ndi mphamvu yotukwanira.

Lachinayi masana kunabwera mwana wawo wamkazi, namwino, amene anali atawanyengerera chaka chonse kuti atseke shopu akakhale kwa iye. Anaima pakhomo n'kumaonerera nsonga ya chowotcherera ikuvina pamwamba pa kabolodi.

"Bambo, mukudzizunziranji? Chipinda chilipo kwathu. Mudzafera pa benchi pomwepa kodi?"

Masiku ena onse ankamuyankha mwanthabwala, kuti namwino amaona odwala ndi pamene palibe. Tsiku limeneli nthabwala inakana kutuluka.

"Chabwino, mwananga. Ubwere ndi galimoto mawa madzulo."

Anatero ali ndi chisoni chachikulu. Kwa mwana kunalibe choipa chilichonse, koma ankadziwa kuti kumeneko ntchito yawo idzakhala kusuntha mpando potsata mthunzi.

Lachisanu m'mawa analowa mayi wokonza mafoni wa khomo lachitatu, munthu wa pakamwa posatseka, amene ankafuna kutenga chipindacho. Anabwera ndi tepi yoyezera. Ali mkati moyeza benchi, maso ake anagwera pa chingwe.

"Iii, achimwene, kameneka munakatola kuti?"

"Pa tebulo paja. N'chatsopano, mayi."

"Chatsopano! Tabwera nachoni kuno."

Anakanula kamutu kake ndi kampeni. M'kati munali kachipangizo kokhulidwa pamwamba, nambala yake itafufutidwa dala, ndipo waya wina ankangolendewera pa kaulusi kamodzi. Mayiyo anaseka mpaka kugwira benchi. Anati zoterezi amazidziwa, zimaonetsa kagetsi kuti zili moyo, koma uthenga ukatalika zimameza mawu ena panjira. Anathamangira ku shopu kwake n'kubwera ndi chingwe chake, chakuda ndi litsiro, chomangidwa tepi pakati.

A Mawaya analumikiza mosafuna. Kamzere kanayenda, kanafika pakati, kanadutsa, kanakafika kumapeto. Kagetsi kobiriwira kanayamba kuphethira. Anatenga kabolodi kachiwiri, kanalola. Kachitatu kanalola. Mabolodi asanu analola bwinobwino, koma atatu anali atafa ndithu, ndipo anawapha ndi iwo eni, powawotcha kambirimbiri kufuna kukonza pamene panalibe cholakwika.

Sanaseke, sanakuwe. Anangokhala pansi, mkwiyo ndi manyazi zitasakanikirana. Chinawapweteka kwambiri si timabolodi titatu tija ayi, koma kuti masiku anayi onsewo anakhulupirira chinthu cha pa tebulo la mumsewu kuposa manja amene analera ana atatu.

"Ndiye tepi yangayi ndipinde?" anafunsa mayi wa mafoni.

"Pindani kaye, mayi. Mudzayeza tsiku lina."

Mayiyo atatuluka, anatenga foni. Chala chinaphonya nambala kawiri, kachitatu inalowa. Mwana wawo anayankha ali m'khonde la chipatala, kumbuyo kukumveka mawilo a machira.

"Galimoto ija usavutike nayo. Vuto linali chingwe."



"Nanga dzanja, bambo? Lasiya kunjenjemera?"

A Mawaya analiyang'ana pamene linali, pa bondo, likugwedeza nsalu ya buluku.

"Ayi mwananga, silinasiye. Tsiku lake lidzafika, ndipo ndidzakuimbira ndekha. Koma ulendo uno ndalinamizira."