Maluwa Ofulumira ndi Chiliza cha Bambo

Amayi anabwera ku Perth kudzandithandiza nditabereka, akuganiza kuti akhala miyezi yochepa. Mliri utavuta malire anatsekedwa, ulendo wobwerera unafera m'mazira, ndipo anangokhala nafe ku Girrawheen, dera la mu Perth momwemo. Mtima wawo unali pa chinthu chimodzi. Abale kumudzi anali atagwirizana kuti mwambo wa chiliza cha malemu bambo udzachitike mu Seputembala, ndipo kwathu mayi wamasiye ndiye amayamba kuika nkhata.

Kuseri kwa nyumba yathu ya lendi, amene ankakhalamo kale anasiya atakwirira mbewu za maluwa, zooneka ngati anyezi. Amayi anazifukula polima poti adzale mpiru, ndipo pang'onong'ono akanazikazinga. Nditawauza kuti sizidyedwa, anazikwiriranso uku akung'ung'udza kuti anthu a kuno ndi okhuta, amathirira zinthu zosalowa m'poto. Powalimbitsa mtima ndinati maluwa amenewa amamasula Seputembala akamayandikira, ndiye akadzangowaona adzadziwe kuti ulendo wapsa. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo.

Chisanu cha chaka chimenecho chinali chamasewera, mabulangete ena sitinawatulutse n'komwe. Mu Julaye, ndikuchokera kuntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndinapeza kuseri kuli maluwa okhaokha, oyera ndi achikasu. Zitenje za amayi zinali zochapidwa ndi kusitidwa, chikwama chili pabedi.

"Amasula, mwanangu," anatero. "Kafunse za ndege."

Ndinawafotokozera kuti maluwawo angopupuluma chifukwa kunja kwafunda, ndipo malire akadali otseka. Sananditsutse, komanso zovala sanazitulutse m'chikwama. Anangoti ulendo ukakanika, adzaluka nkhata ya maluwa omwewa n'kuigwira m'manja pa tsikulo, bola bambo aone kuti sanaiwalidwe. Kuyambira pamenepo maluwa ankawanyoza aja anasanduka ana awo. Ankawathirira m'mawa uliwonse, dzuwa likawala n'kuwatchingira ndi chitenje. Koma pofika pakati pa Ogasiti onse anali atafota.

Seputembala anafika malire akadali otseka, ndipo mwambowo tinauonera pafoni, msuweni wanga akutijambulira kumudziko, uko kuli m'mawa, kuno masana. Ndinafuna kukagula maluwa kusitolo, amayi anakana, amvekere ogula angaike aliyense. Woyendetsa mwambo ataitana mayi wamasiye, azakhali ndiwo anapita kukaika nkhata m'malo mwawo. Zinandipweteka, ndipo maluwa aja ndinawakwiyira ngati munthu.

Amayi anakonza duku lawo, anaimirira pabalaza monga aitanidwira, m'manja mulibe kanthu, ndipo sanakhale pansi mpaka womaliza ataika nkhata yake.