Filimu yotsala m'kamera ya amuna anga

Amene anayamba kundiuza anali alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga. Anandipeza ndikuyanika zovala za abwana, n'kuima pageti osalowa, chipewa chili m'manja. Anati achimwene awo agundidwa ndi takisi pafupi ndi kuntchito kwawo ku Marlboro, ndipo Ambuye awatenga asanafike kuchipatala. Foni yawo sinapezeke. Thupi tinaperekeza kwathu ku Thyolo, anzathu a kumpingo atatigwira mkono, Mulungu awadalitse.

Nditabwerera ku Joni ndinapeza kamera yawo ili pamsomali m'chipinda chathu ku Ivory Park. Ndi yakuda, yolemera, ya filimu. Anawapatsa ndi mzungu wina wokalamba amene ankamusamalira maluwa. Mafoni asanachuluke, tikaweruka kutchalitchi ankapita nayo ku Joubert Park kukajambula anthu akwathu. Ankanyamulanso jekete imodzi yobwereketsa, kuti munthu aoneke bwana pachithunzi chotumiza kumudzi. Jekete imeneyo inavalidwa ndi theka la Thyolo. Koma eni akewo ankakana kujambulidwa, ati filimu ndi ya makasitomala.

Mwana wathu wotsiriza ndinamusiya kwa amayi anga atangosiya kuyamwa. Bambo ake sankapita kumudzi chifukwa cha mapepala, ndipo pamaliro bokosi silinatsegulidwe. Ndiye mtsikanayu anayamba kundifunsa pafoni kuti ababa ankaoneka bwanji. Ndinkamuuza kuti anali aatali, akuda bwino, a mpata kumano. Iye ankati zimenezo wamva, akufuna aone.

Apo ndi pamene ndinakumbuka. Lamlungu lina ndinawakakamiza mpaka anagonja. Anavala jekete ija, kundigwiritsa kamera, n'kundiuza kuti ndizungulize galasi lakutsogolo mpaka nkhope yawo ioneke bwino, kenako ndidine. Anaima molimba ngati msilikali, ine kuseka mpaka misozi. Ndinadina. Filimu imeneyo sinathe, inali ikadali m'katimo.

Vuto linali kuitulutsa. Kamerayi siyenda popanda mabatire, ndiwo amabweza filimu m'kachitini kake, koma anali atatha. Mayi woyandikana nane anabwera ndi mpeni kuti tingotsegula. Ndinamugwira dzanja, chifukwa malemu ankanena kuti filimu ikaona kuwala imafa. Kamerayo ndinaikulunga m'chitenje, miyezi n'kumapita, ndikuopa ngakhale kuigwira.

Anandithandiza ndi bambo wina wa ku Chipata wogulitsa mawotchi pafupi ndi siteshoni. Anafufuza m'katoni mwake, anapeza timabatire tiwiri. Atatiika, kamera inalira zwii, monga inkalirira m'manja mwa amuna anga. Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo. Bamboyo anandilozeranso sitolo imene amatsukabe mafilimu.

Tsiku lokatenga zithunzi ndinapemphera ulendo wonse. Munali ana a anthu, munali ukwati wina, onse ooneka bwino. Changa chinali chakumapeto. Mtengo wakumbuyo kwa amuna anga unatuluka tsamba lililonse. Iwo anatuluka ngati munthu woima mu nkhungu ya m'minda ya tiyi. Jekete ikudziwika, kapendekedwe ka mutu n'kawo ndithu, koma nkhope ayi.

Ndinalira, komabe ndinachitumiza ndi wabasi. Chitafika mwana anaimba.

"Amama, ndiye apapa akuseka kapena akwiya?"

"Akuseka, mwanawe. Amaseka ine."

Anati achiika m'Baibulo la agogo. Sanafunsenso.

Ndimathokoza Mulungu ngakhale pa chochepacho. Masiku ano ndimaika filimu m'kameramo, n'kumajambula amayi anzanga tikaweruka, ndipo dzanja layamba kuzolowera. Koma diso likalowa pakagalasi kaja, mtima umafuna munthu mmodzi yekha aime kutsogoloko, ndizungulize bwinobwino, osaseka.

Inu amene mwawerenga izi, mukagwada mutikumbukireko: ine kuno, amayi anga okalamba, ndi ana ku Thyolo, makamaka wamng'onoyo.