Dzina Lotsekeredwa M'kompyuta

Amayi anga sankadziwa kuwerenga. Kalata ya abambo ikabwera kuchokera ku Joni, ankapita nayo kaye kwa akatekisiti ku Nguludi, kenako kwa mayi wina wogulitsa mandasi, kuti amve ngati mawuwo akufanana. Ine zinkandichititsa manyazi. Iwo ankangoti wowerenga mmodzi akhoza kulumpha mzere iwe osadziwa.

Ndaphunzitsa ku Milepa mpaka imvi mbuu. Chaka china bungwe lina linatipatsa kompyuta, muli pulogalamu yawo yosungira mayina a ana. Ahedi anati makaundula a pepala ndi achikale, ndiye tinawasiyira chiswe. Bungwe lija litalongedza n'kumapita, pulogalamu nayo inadzitseka, kutatsala sabata imodzi kuti titumize mayina a olemba mayeso a sitandade eyiti. Ndinanyamula kompyutayo pakabaza, kenako paminibasi, mpaka ku Limbe. Wokonza makompyuta anangopukusa mutu, akuti mkatimo eni ake anakhoma, angaonemo ndi iwo okha. Eni akewo foni yawo sinkagwira.

Tinalembanso mayina pamanja, kuitana ana m'kalasi mmodzimmodzi. Sabata imeneyo mtsikana wina ankadwazika mayi ake kuchipatala. Amene ndinamuiwala ndine, sindinganamizire wina. Mayeso sanalembe, kubwereza anakana.

Pano tili ndi pulogalamu ina, anabwera nayo mphunzitsi mnzanga wamkazi amene anaphunzirako zamakompyuta. Akuti iyi kapangidwe kake konse kali poyera, aliyense wodziwa akhoza kuwerenga, kupeza cholakwika n'kukonza, ngakhale oiyambitsa atathawa. Anandionetsa timizere ta zilembo tothithikana ngati nyerere, ine osatolapo kanthu. Ndinangomufunsa ngati alipo wina, kupatula iyeyo, amene angawerenge zimenezo. Atati alipo ambirimbiri, ndinati basi, ikani. Nzeru za amayi ndinkazinyoza zija ndi zimene ndatsala nazo.

Kunena zoona, zatsopanozi ndatopa nazo ine, zinazi ndimangovomera. Kaundula wa pepala ndinayambiranso, ndimamusunga m'chitini chotseka bwino.

Mtsikana uja amagulitsa tomato pamsika, mwana ali kumsana. Ndikagula amandiikira basera, ndipo zimandipweteka kuposa akanati azinditukwana. Tsiku lina akundimangira jumbo anandifunsa, akumwetulira ndithu:

“Aphunzitsi, kodi dzina langa lija likadali m'kompyuta muja?”

Ndinati likadalimo. Kompyutayo ili pakona mu ofesi ya ahedi, tinaifunditsa chitenje.