Mabatani Awiri a Mtsikana Wosita Zovala

Tsiku limene uthengawo unafika, mtsikanayu anali atakhala pa chidebe chovundikira kuseri kwa shopu yochapa ndi kusita zovala. Inali nthawi ya nkhomaliro, koma sankadya. M'manja munali foni yosweka galasi, ndipo uthenga unali waufupi: nkhani yake ichotsedwa pakatha masiku khumi ndi anayi ngati sipapezeka owerenga mazana awiri.

Iye anali nawo asanu ndi awiri. Mwa amenewo, mmodzi anali mchemwali wake, wina mlamu wake amene ankangodina osawerenga, ndipo wina anali iye mwini pa foni ya mnzake.

Inu amene mukuwerenga, khalani bwino pampando. Ine amene ndikulemba izi ndayenda. Ndinayamba ndi kumata matayala m'mbali mwa msewu, dzuwa likuswa mtengo, koma lero matayala ndimaitanitsa m'makontena. Pasipoti yanga ndi yachitatu chifukwa ziwiri zinadzaza zidindo. Ndakhalapo patebulo limodzi ndi anthu amene wotchi yawo yokha ingamange nyumba. Ndiye ndikanena kuti mtsikana ameneyu anandigometsa, dziwani kuti akulankhulayu sagoma wamba.

Kuntchito ankamutcha Wasimbi, chifukwa simbi yositira sinkachoka m'manja mwake kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Mayeso omaliza a sekondale analephera kawiri. Makolo analibe. Ankagona pabalaza kwa achemwali ake, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo m'mawa uliwonse ankapinda matiresi n'kuwaimika kuseri kwa sofa alamu asanadzuke.

Chuma chake chinali nkhani. Munthu wosita zovala amadziwa zambiri, chifukwa jekete lisanafike patebulo amayamba wapisa m'matumba. Ankapezamo matikiti a basi, ndolo imodzi yopanda inzake, kapepala ka kuchipatala. Zonse ankabwezera eni ake, koma mafunso ankatsala nawo. Ndolo inzakeyo ili kuti? Akudwala ndani?

Pali mapulogalamu a pa foni amene munthu aliyense angaikepo nthano yake. Imene iye ankagwiritsa ntchito inali yotere: mlembi amaika gawo limodzi, kumapeto kwake n'kuika mabatani awiri. Owerenga amadina limene akufuna, ndipo kumene kwapita ambiri n'kumene nkhani imalowera. Nkhani yatsopano imapatsidwa miyezi itatu. Ikalephera kukopa anthu, imachotsedwa kuti ipereke malo kwa zina.

Yake inali ya mtsikana wochapa zovala amene anapeza kalata m'jekete la mwamuna wa mkulu wake. Anailemba yonse m'kope, magawo makumi atatu, asanaike n'limodzi lomwe pa foni. Chaka chathunthu chinathera m'kope limenelo. Atayamba kuika, sabata yoyamba kunabwera anthu makumi asanu ndi limodzi. Kenako anayamba kuchoka mmodzimmodzi, mpaka anatsala aja ndatchulawa.

Ali pachidebepo anatulukira amake mapasa, mayi wachikulire amene ankayendetsa makina ochapira.

"Iwe, chakudya chikuyang'ana iwe, iwe ukuyang'ana foni. Wamwalira ndani?"

"Nkhani yanga akufuna kuichotsa, mayi. Anthu sakuwerenga."

"Inenso ndinasiya."

Wasimbi anadzutsa mutu. "Inu? Si paja munkati ndi yokoma?"

"Kukoma ndi yokoma. Koma pa gawo lachiwiri unatifunsa kuti mtsikanayo atsegule kalata kapena aibwezere m'thumba. Tinasankha kuti abwezere. Gawo lotsatira, kalata yagwa pansi, yatseguka yokha, wawerenga. Gawo lachinayi chimodzimodzi: tikuti apite kumanja, iwe wamuzunguliza mpaka watulukira kumanzere. Malemu bambo a mapasa ndiwo ankatero. 'Mkazi wanga, tigule mipando ya mtundu wanji?' Mipandoyo ili kale pagalimoto panja, anthu akutsitsa."

Wasimbi anaseka pang'ono. Wakutsina khutu ndi mnansi. Nkhani inali italembedwa kale mpaka kumapeto, ndiye mabatani aja anali okongoletsa chabe. Anthu anazindikira kuti akufunsidwa mwamwambo, ndipo palibe munthu wamkulu amene amakonda kuseweretsedwa.

Masana omwewo ndinafika ine ndi masuti anga anayi. Ndasititsapo zovala m'mahotela a nsanjika makumi atatu, koma mzere wa thalauza wonga wa mtsikana ameneyu sindinaupeze kwina kulikonse. Nditaona maso ake ofiira ndinamufunsa, ndipo anandifotokozera zonse.

Ndinaseka. "Anthu mazana awiri okha? Mwana wanga, ine ndili ndi madalaivala, ogulitsa, alonda, ndiye onjezera akazi awo. Ndikangolankhula kamodzi, mawa lomwe akhala atadina onse."

Anaimika simbi, n'kundiyang'ana mwaulemu.

"Zikomo, bwana. Koma amenewo akhala ngati alamu anga, ongodina. Ine ndikufuna anthu oti akamadina, chala chizinjenjemera."

Ine sindikanidwa kawirikawiri. Ndinatuluka m'shopumo ndikupukusa mutu, koma mumtima ndinadziwa kuti ndaona munthu. Ifenso amene tinadzuka tokha pafumbi timadziwana ndi kayankhidwe.

M'mawa mwake anabweretsa kope lija n'kulipereka kwa amake mapasa.

"Mundisungire. Musandipatse ngakhale ndilire."

Analemba gawo latsopano m'basi, ataimirira, dzanja limodzi pachitsulo, chala chachikulu cha dzanja linalo chikuthamanga pa galasi losweka. Kumapeto anafunsa: mtsikanayo amufunse mlamu wake maso ndi maso, kapena amutsatire mobisa? Kwa nthawi yoyamba, iye mwini sankadziwa chimene chidzachitike kutsogolo.

Kenako anapita kwa mwini shopu kukapempha kakona ka pa kauntala. Anadula katoni ya sopo, n'kulembapo funsolo ndi zilembo zikuluzikulu, dzina la nkhani m'munsi mwake. Sanalembe kuti "werengani nkhani yanga." Analemba funso basi.

Munthu wodikira zovala zake alibe chochita, maso amangoyendayenda. Tsiku lachitatu ndinapeza namwino ndi dalaivala wa takisi akutsutsana pa kauntala pomwepo.

"Amufunse basi," anatero namwinoyo. "Zoyenda mobisa n'za mbava."

"Mayi, mwamuna ukamufunsa maso ndi maso amakana mpaka iwe wofunsawe uyambe kupepesa. Ine ndimawanyamula tsiku ndi tsiku, ndimawadziwa."

"Mumawadziwa kapena mukudzidziwa?"

Onse awiri anatulutsa mafoni kuti akadine, aliyense pofuna kugonjetsa mnzake. Kuti adine bwino anayenera kuwerenga. Atawerenga anabweranso.

Owerenga anasankha zomutsatira mobisa, ndipo Wasimbi anamvera. Mtsikana wa m'nkhaniyo anatsatira mlamu wake mpaka kuchipatala, kumene anapeza kuti bamboyo ali ndi mwana wina wa kunja, wodwala kwambiri, amene ankamuyendera ponamizira ntchito.

Masiku awiri aliwonse ankaika gawo latsopano, ndipo katoni ya pa kauntala inkasintha. Aliyense wolemba ndemanga ankamuyankha, ngakhale wonyoza. Wina analemba kuti, "Mlembi uyu sukulu anailekera panjira." Iye anayankha kuti, "Zoona, achimwene. Ndiuzeni pamene ndalakwitsa ndikonze." Munthuyo anamuonetsa malo atatu, ndipo kuyambira pamenepo sanaphonye gawo.

Owerenga anafika makumi atatu. Kenako makumi asanu ndi anayi. Kutatsala masiku atatu anali 162.

Apa m'pamene anaika funso lolemera. Mkulu wake wa mtsikana wa m'nkhani uja anali woyembekezera, mwezi wake uli pafupi. Amuuze za mwana wa kuchipatala, kapena akhale chete?

Ndikuvomera pamaso panu kuti inenso ndinali nditalowa m'gulu, popanda wondituma. Ndinadina kuti akhale chete. Ndayenda, ndikudziwa kuti si choona chilichonse chimene chimanenedwa tsiku lililonse. Koma tinagonja. Anthu 88 anati amuuze, ife tinali 74.

Wasimbi ataona zotsatirazo, anaika foni pansi. Ankamudziwa mkazi wa m'nkhani yakeyo kuposa wina aliyense. Ankadziwa kuti mayi wotopa, wokonda mwamuna wake, sangakhulupirire. Adzati mng'ono wake ndi wansanje, ndipo adzamuthamangitsa. M'kope muja mkulu ndi mng'ono wakeyu sanakanganepo n'kamodzi komwe, kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza. Munthu amene akukhala pabalaza pa mchemwali wake salemba msanga za mkulu wotaya chikwama cha mng'ono wake panja.

Njira yozembera inalipo. Akanatha kulemba kuti mtsikanayo atangotsegula pakamwa, mkulu wake anayamba kumva kupweteka, n'kuthamangira naye kuchipatala, nkhani n'kuiwalika. Koma kumeneko kukanakhala kubwerera ku bodza lomwe lija linathamangitsa anthu, ndipo owerenga 38 anali asanapezeke.

Anapita kumakina ochapira.

"Mayi, kope lija. Ndingoyang'anamo pang'ono."

"Ndaliiwala kunyumba," anatero amake mapasa, osatembenuka n'komwe. "Mawanso ndiliiwala."

M'mawa mwake analemba m'basi monga mwa masiku onse. Analemba mng'ono akunena zoona. Analemba mkulu akumvetsera mpaka kumapeto, kenako n'kunena motsitsa kuti, "Ndinakulera ine. Tenga zako." Analemba chikwama chili pakhonde, chitseko chikutsekedwa pang'onopang'ono. Misozi inagwera pa foni, ndipo anapitirira siteji yake ndi masiteji awiri. Anabwerera wapansi, n'kuika gawolo ali pakhomo pa shopu.

Mabatani atsopano anali awa: abwerere kukapepesa pa mlandu umene sanalakwe, kapena achoke osacheuka?

Abale anga, ndaonapo misika ikuluikulu ikutekeseka, koma zimene zinachitika pa foni yosweka ija zinali zina. Ife amene tinati akhale chete tinayamba kuloza anzathu zala: mwaona zimene mwachita? Iwo anati cholakwa si choona, cholakwa ndi mwamunayo. Namwino uja anaitana anzake onse a muwodi kuti mtsikanayo asapepese. Dalaivala wa takisi ankawerengera makasitomala ake nkhaniyo pamene magalimoto aima pamzere. Aliyense ankafuna kupulumutsa mtsikana amene iye mwini anamuika m'mavuto, chifukwa tsopano onse ankadziwa kuti batani likadinidwa, munthu amavulaladi.

Tsiku lomaliza, nthawi ya nkhomaliro, owerenga anali 640. Uthenga wachiwiri unafika: nkhani yake ikhalabe, ndipo yaikidwa patsamba loyamba.

Wasimbi sanakuwe. Anamaliza kaye kolala ya shati imene inali patebulo, n'kuikoleka bwinobwino, kenako anapita kukakumbatira amake mapasa, amene anati, "Ndisiye, ndili ndi thovu m'manja."

Chimene ankaopa chinali kunyumba. Atafika madzulo anapeza achemwali ake akupinda zovala za ana, foni ili pambali.

"Ndawerenga," anatero achemwaliwo.

Mtsikanayo anaima pakhomo osalowa.

"Mkazi ameneyu ndi wopusa. Ine ndikanataya chikwama cha mwamunayo, osati chako. Lowa, ukuimiranji ngati mlendo?"

Alamu anatsokomola ali pa sofa. "Kuyambira lero, mlamu, jekete langa ndizichapa ndekha."

"Muli ndi chobisa, alamu?"

"Ndilibe. Koma iwe ukapezamo tikiti ya basi, pofika Loweruka ndikhala ndili ndi ana atatu kuchipatala."

Papita zaka ziwiri. Nkhani ija inatha ndi magawo makumi anayi, ndipo mathero ake sanawaganizirepo ngakhale mwini wake. Lero ali pa nkhani yachitatu. Amasita m'mawa, masana mwini shopu anamumasula kuti azilemba, pakuti makasitomala ena amabweretsa zovala zoyera kale pongofuna kuona funso la pa kauntala. Alembi atsopano amamulembera kupempha nzeru, iye amene mayeso anamukana kawiri.

Mwezi wathawu ndinali pabwalo la ndege kutali kwambiri ndi kwathu, ndikudikira ndege yachiwiri. Pafupi nane panakhala mayi wovala bwino, maso ali pa foni, chala chili m'malere pamwamba pa mabatani awiri. Ndinasuzumira, ndipo ndinaidziwa nkhaniyo.

"Mayi," ndinatero, "mlembi ameneyo ndimamudziwa. Suti ndavalayi anasita ndi iyeyo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Bambo, amuna mumanama zinthu zambiri, koma ili ndi bodza latsopano."

Sindinakwiye. Ndinakhala tsonga, ndinakonza kolala, mtima uli mbee. M'moyo mwanga anthu andikayikirapo pa zinthu zambiri, koma aka kanali koyamba kundikayikira chifukwa choti munthu amene ndamutchula ndi wamkulu kwambiri moti sangadziwane ndi ine.

Tsono inu amene mukulemba, kujambula, kusoka kapena kuimba, ndipo anthu akubwera n'kumachoka, musathamangire kunena kuti dziko lakudani. Pitani kwa amene anakusiyani, mufunseni chifukwa chake, ndipo imani nji mpaka amalize kuyankha. Zikhala zowawa. Mawa lake dzukani mukonze, ngakhale kukonzako kutanthauze kusiya chimene munachivutikira chaka chathunthu. Anthu amabwerera kumene mawu awo amamveka.

Foni isweke, mayeso akukaneni, anthu achoke. Mtima wokhawo ndiwo musautaye, chifukwa zina zonsezo zimakonzeka.