Kuitana Kwachiwiri

Pamsika wa Nsaru palibe adandigonjetsapo pa kunenerera, ndipo luso limeneli ndidali nalo kale ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Lamulo lake ndi losavuta. Mtengo ukakukanika, tembenuka uzipita. Wogulitsa akakuitana koyamba, usacheuke. Dikira kachiwiri, pamenepo ndiye kuti wafewa.

Chaka chimenecho boma lidapereka kandalama kupolisi kuti asonkhanitse ife anyamata oyendayenda pamsika. A Sajeni Kamwendo, bambo wamimba yaikulu ndi mawu osasa, adayambitsa timu ya mpira kuseri kwa polisi. Poyamba tinkati ndi msampha, poti kwathu wapolisi akakuitana umayamba wakumbukira mango onse amene udaba. Koma kudali mpira weniweni wachikopa, majezi obiriwira onunkha sitolo, ndi thobwa tikamaliza. Sabata imene wajomba kusukulu, sumenya. Ine, mdani wa masamu, ndidayamba kulawirira m'kalasi.

Ndidali goloboyi, ndipo ndinkadziwa kuti wina wonga ine kulibe. Tsiku lina kudabwera nsapato za mpira, koma sizidatikwanire tonse. A Sajeni adagawira osewera kutsogolo.

"Nanga ine, bwana?"

"Iwe Yakobe umagwira ndi manja. Ukufuna uzivale m'manja?"

Anzanga adafa nacho chiseko.

"Ndiye pagolopo muimepo nokha, bwana. Mukwanapo bwino."

Ndidavula jezi n'kuuyamba ulendo, pang'onopang'ono, monga timachitira pa kaunjika.

"Yakobe!"

Kumeneko kudali koyamba. Sindidacheuke. Ndidadutsa mtengo wa bulugamu makutu ali m'mbuyo, koma chimene ndidamva ndi wenzulo basi, masewero akupitirira.

Ndidati afewa mawa. Nyengo yonse yogulitsa fodya ndidaithera pasiteji ya minibasi, phokoso la kubwalo likundipeza komweko, ine ndikudikira kuitana kwachiwiri. Sukulu nayo ndidaitaya, poti ndinkapitirako mpira.

Mvula yoyamba itagwa, wofewa ndidali ine. Ndidapita ndekha, mawu opepesa ali m'kamwa. Ndidapeza bwalo atalima mizere, mitengo ya golo atazula. Ndalama ija sidabwerenso, ndipo a Sajeni adali atawasamutsira kutali. Wapolisi wina wachizimayi adandiyang'ana, n'kutulutsa jumbo pansi pa tebulo.

"Ndiwe goloboyi wamakani uja, eti? Nsapato izi a Sajeni adagula ndi za m'thumba mwawo. Adati ukabwera wekha tikupatse, koma tisakutsate."

Nsapatozo zidandikwana ndendende. Kokazivalira ndiye kudalibe. Timu idali itamwazikana: ena kumaesiteti a fodya, ena kumowa, ndipo Mavuto, amene ankagoletsa zigoli zathu zonse, adadzalowanso pakhomo la polisi lomwelo manja ali mu unyolo. Za imfa ya a Sajeni ndidazimva patapita zaka, m'minibasi ya ku Namitete, anthu akungocheza. Zikomo wanga sadawapeze.

Lero ndimagulitsa kaunjika pamsika womwewo. Kasitomala akatembenuka ndimamuitana kawiri, katatu, mpaka anzanga amandiseka kuti ndimafewa msanga. Asiyeni aseke. Ndidaphunzira kuti zinthu zina sizikhala pamsika mpaka madzulo kudikira wamakani.

Nsapato zija zikadali m'sutikesi, zidendene zosadyeka. Chimene ndidaitanitsa ndidachipeza, osachotserapo kanthu. Tsono inu odziwa malonda, tandiuzani: pamenepaja adapambana ndani?